Mutu wa mwala wa ku Mexico

Usiku wathawu mphwanga wanditumizira chithunzi cha chimutu cha mwala chachitali kuposa munthu wamkulu ataimirira. Milomo yonenepa, mphuno yophwatalala, chipewa chothina kumutu, maso ali tong'o ngati akukuyang'ana iweyo. Pansi pake walemba kuti, "Achimwene, awa si makolo athu?" Ndachiyang'anitsitsa mpaka tulo kuthawa.

Ndi umodzi mwa mitu 17 imene anthu a mtundu wa Olmec anasema m'madera a Veracruz ndi Tabasco ku Mexico, ndipo 10 inapezeka pamalo amodzi okha otchedwa San Lorenzo ku Veracruz. Ina yatha zaka pafupifupi 3,000. Miyalayo ankakaitenga kutali, ku mapiri a Tuxtla, popanda ngolo kapena ng'ombe yokoka, ndipo ankaisema ndi miyala inzake chifukwa chitsulo analibe. Tangoganizani thukuta lake! Palibe nkhope yofanana ndi inzake, n'chifukwa chake akatswiri amakhulupirira kuti ndi mafumu awo enieni.

Ndamuyankha kuti ayi mphwanga, ntchito iyi ndi ya eni nthaka a kumeneko. Nkhope zotere zilipo mpaka lero pakati pa zidzukulu zawo, ndipo ofukula zakale sanapezeko katundu wa ku Africa. Zimandikhudza mtima chifukwa ululu wake timaudziwa: atsamunda anakhala zaka zambiri akukana kuti anthu akuda ndiwo anamanga makoma a Great Zimbabwe. Ine sindingafune kuchitira mlimi wa ku Veracruz zomwezo, pamene agogo ake ndiwo anakoka chimwala chija.