Zaka 15 za studio yathu ku Zomba: kuchokera pa filimu kufika pa foni ndi Kindle

Mwezi uno studio yathu yakwanitsa zaka 15 ikutumikira anthu a mumzinda wa Zomba ndi madera ozungulira, ndipo tatsegula chipinda chachiwiri momwe tikugulitsiramo mafoni, matabuleti ndi timakina towerengera mabuku. Ambiri mwa inu, makasitomala athu okondedwa, mwakhala mukundifunsa kuti zatheka bwanji kuti munthu wodya za kamera ayambe kugulitsa foni, chipangizo chimene chinatsala pang'ono kumulanda nsima pakamwa. Ndalemba mbiriyi kuti ndiyankhe funsolo momasuka, komanso kuti mudziwe munthu amene mumamusiyira zithunzi za mabanja anu.

Ntchito yojambula ndinaiphunzira pa kamera ya filimu, nthawi imene mpukutu umodzi unkatenga zithunzi 24 kapena 36 zokha, ndipo kudina kulikonse kunali ndalama. Filimuyo tinkakaitsukitsa ku Blantyre, ndipo mwini ukwati ankadikira masiku angapo asanaone nkhope yake. Pomwe ndinkatsegula studio, makamera a digito anali atafika kale, choncho ndinayamba ndi Canon yogwiritsidwapo ntchito ndi makina amodzi osindikizira. Mu January 2012 tinamva kuti kampani ya Kodak yapempha chitetezo cha khoti chifukwa cha ngongole, pamene injiniya wake yemwe, Steven Sasson, ndi amene anapanga kamera yoyamba ya digito mu 1975. Nkhaniyo inandikhudza kwambiri, chifukwa dzina limenelo ndi lomwe linali pa mapaketi onse a filimu amene ndinakulira nawo. Komabe zaka zimenezo zinali zabwino kwa ife. Tinkajambula zinkhoswe, maukwati okwera mpaka ku Ku Chawe ndi ku damu la Mulunguzi, komanso miyambo ya omaliza maphunziro ku Great Hall, holo yaikulu ya yunivesite kuno ku Zomba, komwe makolo ochokera kutali sankabwerera kumudzi opanda chithunzi cha mwana wawo atavala mkanjo.

Kenako mafoni okhala ndi kamera anadzaza m'matumba mwa anthu, makamaka Tecno, Itel ndi Infinix, omwe onse amapangidwa ndi kampani ya Transsion ya ku China. Sindibisa kuti poyamba mtima unkandiwawa ndikaona alendo a paukwati atakweza mafoni m'mwamba, wina aliyense akujambula yekha. Chimene chinasintha maganizo anga ndi khungu lathu. Wojambula aliyense wa kuno amadziwa kuvuta kwa kujambula mkwatibwi wakuda atavala diresi yoyera mbee: ukatsata diresi nkhope imada, ukatsata nkhope diresi imasanduka kuwala kokhakokha. Kampani ya Transsion ija inakonza makamera a mafoni ake poganizira anthu a khungu lakuda, ndipo nditaona chithunzi chojambulidwa ndi Tecno Camon pamthunzi wa mtengo, nkhope ikuoneka bwinobwino ndi maso omwe, ndinavomereza kuti pali luso. Chimene sindigwirizana nacho mpaka lero ndi makonzedwe amene amasalalitsa ndi kuyeretsa nkhope mpaka makwinya a agogo kufufutika. Makwinyawo ndi amene adzukulu adzawafune akadzakula, n'chifukwa chake foni iliyonse yotuluka m'sitolo mwathu timaionetsa mwini wake pozimitsira zimenezo. Ndimawauzanso ogula kuti asakopeke ndi manambala a megapixel okha (kuchuluka kwa timadontho topanga chithunzi), kaya 48, 64 kapena 108, chifukwa ubwino wa chithunzi umadalira kwambiri kuwala ndi kukula kwa kachipangizo kolandira kuwalako. Masana foni yabwino imakwanira, koma usiku muholo ya ukwati kamera yaikulu ikadali patsogolo.

Nthawi yowawa kwambiri pa bizinesi yathu inayamba mu January 2022, pamene namondwe wa Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira ndipo kuthima kwa magetsi kunakhala kwa maola ambiri. Makina osindikizira ankangokhala, makasitomala n'kumabwerera pakhomo. Mu May chaka chomwecho ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 inachepetsedwanso ndi 44 peresenti. Chakudza sichiimba ng'oma: mapepala a zithunzi, inki ndi mabatire, zonse zochokera kunja, zinakwera mtengo usiku umodzi. Wogulitsa wina amene tinali titamulipira kale gawo la ndalama anasintha mtengo katundu ali m'njira, ndipo m'katoni yomwe anatumiza munali ma memory card olembedwa 64GB omwe, titawayesa pa kompyuta monga timachitira nthawi zonse, ankataya zithunzi akangodzaza pang'ono. Anakana kuwalandiranso, ndipo tinawataya onse osagulitsapo ngakhale limodzi. Iyeyo akudzidziwa, ndipo adziwe kuti kadi yotere ikalowa m'kamera pa tsiku la ukwati, banja limataya chinthu chimene ndalama sizingabweze. Obwereketsa ndalama ena amene tinkawabwezera mokhulupirika anatiuza maso ndi maso kuti ntchito ya zithunzi inatha kalekale, pamene ena anabwera ndi chiwongoladzanja cha katapila, akufuna kamera yathu ngati chikole. Onsewo tinawasiya, ndipo kamerayo ikugwirabe ntchito.

Chimene chinatidzutsa ndi mafoni omwe aja. Foni imabedwa, imagwera m'madzi kapena imangozima, ndipo zithunzi za ubatizo wa mwana zimapita nayo. Namondwe wa Freddy atadutsa mu March 2023, ena anabwera ndi zithunzi zakale zonyowa kuti tiziumitse, tizijambulenso ndi kuzisindikiza mwatsopano. Tinaika sola ndi mabatire kuti makina asamaime, ndipo kusindikiza zithunzi za m'foni kunakhala msana wa bizinesi yathu.

Za kuwerenga zinabwera mwa njira ina. M'bale wanga wa ku Johannesburg anandibweretsera Kindle Paperwhite, kachipangizo kowerengera mabuku, maso anga atayamba kutopa ndi zilembo zazing'ono, ndipo kachipangizoka ndakakonda kwambiri. Kampani ya Amazon inatulutsa Kindle yoyamba mu 2007, ndipo chinsinsi chake ndi galasi looneka ngati pepala, lomwe silithobwa m'maso ngati foni, limawerengeka ngakhale padzuwa, ndipo batire yake imatha milungu isanafune kutchajidwa. Kwa ife okhala kumene magetsi sakhala odalirika nthawi zonse, imeneyi si nkhani yaing'ono. Koma sindiigulitsa kwa aliyense. Mabuku a Chichewa ogulidwa pa Kindle ndi ochepa kwambiri, ndipo mapepala a PDF amaoneka aang'ono pagalasi lake, choncho wophunzira wokonzekera mayeso a MSCE kapena wa ku yunivesite ndimamulangiza tabuleti ya mainchesi 8 kapena 10. Chimandisangalatsa koposa ndi kuona amayi achikulire amene anasiya kuwerenga Baibulo chifukwa cha maso akuliwerenganso okha zilembo titazikulitsa. Mabuku okoperedwa mwakuba sitiika m'chipangizo chilichonse, chifukwa olemba nawonso amadya za thukuta lawo, ndipo bungwe la COSOMA lilipo kuti liteteze ntchito zawo.

Ndikuthokoza Mulungu amene watisunga m'zaka zonsezi. Ndikuthokoza mayi a kunyumba, amene ankasunga mabuku a ndalama usiku ndi nyali ndipo sanandilole kugulitsa makina pamene zinthu zinathina. Ndikuthokoza achinyamata ogwira nafe ntchito, omwe anapirira malipiro akamachedwa, eni nyumba athu amene anatimvetsa, anzathu a banki m'khonde amene anatikhulupirira pamene ena anatikana, ndi ojambula anzanga a mumzinda uno amene tinkabwerekana mafulashi ndi mabatire. Ndikuthokoza abusa, ansembe ndi mashehe amene amatilola kujambula m'malo opempherera, aphunzitsi amene amatiitana pa zithunzi za makalasi, ndi inu nonse amene tinakujambulani pa chinkhoswe ndipo lero mukubwera ndi ana anu kudzajambulitsa zithunzi za pasipoti.

M'chipinda chatsopanochi muli mafoni, matabuleti, ma Kindle ochepa, ma memory card oyesedwa pamaso panu, mafelemu ndi maalubamu. Wogula foni kwa ife timamuphunzitsa kujambula ndi kusunga zithunzi zake popanda malipiro ena, ndipo amene akufuna chipangizo chowerengera amaloledwa kukhala pansi n'kuchiyesa kaye asanatulutse ndalama. Ngati mukufuna kusindikiza zithunzi za m'foni, bwerani nayo foniyo kapena muzitumize pa WhatsApp ngati document, chifukwa zikatumizidwa mwa nthawi zonse zimachepetsedwa ndipo sizituluka bwino pa pepala lalikulu. Amene muli ndi maukwati ndi zinkhoswe m'miyezi ikubwerayi, tiuzeni msanga kuti tikusungireni tsiku, pakuti Loweruka lililonse limadzaza mofulumira.