Nyali ya pa Robben Island

Aphunzitsi athu a kosi yoperekeza alendo atagawa mitu yoti tikafufuze, ine unandigwera wa nsanja ya nyali ya pa Robben Island. Mtima unandiwawa. Mnzanga wina watenga Mandela, wina Sobukwe (mtsogoleri wina wolimbana ndi tsankho amene anatsekeredwanso pachisumbuchi), ine ati ndikafufuze za nyali! Ndinayamba kuwerenga mokoka miyendo.

Chisumbuchi chili mu Table Bay, panyanja ya pafupi ndi mzinda wa Cape Town ku South Africa, pafupifupi makilomita 7 kuchokera kugombe la Bloubergstrand. Ndi chafulati kwambiri, ndipo m'mbali mwake muli matanthwe obisala m'madzi, choncho usiku kapena kukachita nkhungu woyendetsa sitima amachizindikira atafika kale. M'zaka za m'ma 1650, Jan van Riebeeck, mtsogoleri wa Adatchi ku Cape, analamula kuti pamalo okwera kwambiri pachisumbupo pazisonkhedwa moto wochenjeza sitima za kampani ya Adatchi. Kaphiriko lero amakatcha Minto Hill, koma kunena zoona ndi kamtunda chabe. Kwathu ku Dedza sitingakatche phiri.

Zaka zinandizunguza. M'kope langa ndinalemba 1864, kenako n'kufufuta n'kulemba 1865, n'kufufutanso mpaka pepala linabooka. Zonse n'zoona: nsanjayo inamangidwa mu 1864, nyali inayatsidwa mu Januwale 1865. Ndi yaitali mamita 18, ndipo nyaliyo inayamba kugwiritsa ntchito magetsi mu 1938. Siyizungulira ngati nyali zina za m'gombe la South Africa, imangothima n'kuyakanso. Ngakhale inalipo, sitima ya Tantallon Castle inagundabe matanthwe mu nkhungu mu 1901.

Pomwe ndinaima nthawi yaitali ndi pamene ndinalemba zaka za nyaliyo kumanzere kwa tsamba, za anthu a pachisumbupo kumanja. Inayaka pomwe odwala khate ndi odwala misala anali atatayidwa kale kumeneko, ndipo akhatewo anachotsedwako mu 1931. Inkayakabe usiku ulionse pa zaka 18 zomwe Mandela anakhala m'ndende ya pachisumbupo, kuyambira 1964 mpaka 1982. Boma lomwe linkatsekera anthu silinalole kuti nyali ya sitima ithime. Inali yopulumutsa odutsa ndi katundu wawo, osati amene anali pansi pake.

Ndinakumbuka asodzi a usipa kunyanja kwathu, amene amayatsa nyali pabwato kuti nsomba zibwere. Ya pa Robben Island ntchito yake ndi yosiyana, imauza sitima kuti italikire.

Lachisanu ndikayesedwa kulankhula pamaso pa kalasi kwa mphindi zisanu. Ndayeserera kawiri kukhitchini, mlamu wanga atakhala pa ndowa ngati mlendo wochokera kunja, ndipo kawiri konse nthawi yandithera ndisanafike n'komwe pa 1938. Iye akuti ndichotse za akhate. Ine ndikuganiza zochotsa mamita 18 aja.