Mbama ya mlamba wopanda mutu

Popeza mlamu wanga wayamba kale kuyenda nayo nkhaniyi, ndipo nsombayo ikumakula nthawi iliyonse akamaifotokoza, kuli bwino muimve kwa mwini tsaya. Inde, ndinamenyedwa mbama ndi mlamba. Inde, unali utadulidwa kale mutu. Koma zoti ndinaitana amayi anga katatu ndi bodza lamkunkhuniza. Kanali kawiri.

Chinandipweteketsa ndi pakamwa. Mutu ndinali nditaudula bwinobwino n'kuuika pambali, ndipo m'malo mongomaliza ntchito ngati munthu wanzeru, ndinaitana ana kuti adzaphunzire. Ndinawaonetsa mizere yokhotakhota ija ya m'mbali mwa nsomba, yooneka ngati chilembo cha W chogonekedwa. Ndinati, taonani ana inu, nsomba ilibe akatumba ngati anthufe. Minofu yake ndi timagawo tondondozana kuyambira kukhosi mpaka kumchira, tolekanitsidwa ndi kachikopa kopyapyala. Ndipo mnofu uliwonse, kaya wa munthu, wa njovu kapena wa chiwala, umangodziwa kukoka basi, kukankha sutha. N'chifukwa chake imagwira ntchito iwiriiwiri. Nsomba ikakoka kumanzere, kumanja kumamasuka, kenako zimasinthana, ndipo funde limeneli likamatsika ndi thupi mpaka kumchira ndiye kusambirako.

Ana anali kukamwa yasa. Ngakhale mayi a kunyumba anasiya zimene amachita n'kuima pakhomo, zomwe sizichitikachitika ine ndikamalankhula. Mtima unakwera. Ndinawerama, nkhope pafupi penipeni ndi nsombayo, kuti ndiwalozere kamzere kofiirira kamene kali pansi pa khungu. Ndinati aka ndi kamnofu kofiira, kamene nsomba imayendera pang'onopang'ono tsiku lonse osatopa, chifukwa kamalandira magazi ndi mpweya wambiri. Koma chimnofu choyera chonsechi, chomwe ndi chochuluka kwambiri, chimangodikira tsiku la ngozi. Chili ndi mphamvu zoopsa koma chimatopa msanga. Nkhuku nayonso ndi chimodzimodzi: chidali n'choyera chifukwa imangouluka pang'ono ikadzidzimuka, miyendo ndi yoderapo chifukwa imayenda tsiku lonse.

Ndikunena mawu akuti "mphamvu zoopsa" amenewo, dzanja langa linali likuwaza mchere pamene ndinachekapo.

Phwaa!

Abale, ine ndinamenyedwapo mbama pa moyo wanga, koma zonsezo zinkabwera ndi chifukwa, ndipo woimenyayo ankakhala ndi nkhope. Iyi inachokera kwa chinthu chimene mutu wake unali m'mbale ina. Mchirawo unandipeza kuyambira pakhutu mpaka pamlomo, wozizira, woterera, wonenepa ngati dzanja la munthu wolima. Magalasi anga anauluka. Ine ndinadumpha chammbuyo, mtunda umene sindinaudumphepo ngakhale ndili mnyamata, ndipo ndinakatera chokhala m'beseni la madzi otsukira nsomba ija. Beseni linandilandira ngati linkandidikira. Miyendo m'mwamba, mpeni uli m'manja, madzi akulowa m'malo amene madzi sayenera kulowa.

Ndiye pali kanthawi kena kamene mlamu wanga sakunena, chifukwa iye anali atagwa kale pansi ndi phwete. Ndili m'besenimo, ndinatembenuka n'kupenyana ndi mutu uja. Unali m'mbale, ndevu zili tayale, ndipo unatsegula kukamwa pang'onopang'ono, n'kutsekanso. Unatsegulanso. Sindikunama, unkaoneka ngati mkulu amene akufuna kunena kuti "pitirizani phunziro lija, aphunzitsi," koma waona kuti mwina si nthawi yake. Tinayang'anana choncho, ine ndi mutuwo, kwa nthawi imene kwa ine inali ngati chaka. Mwana wamng'ono ndiye anadula chete uja. Anafunsa mwaulemu kwambiri kuti, "Ababa, umenewo unali mnofu woyera kapena wofiira?"

Unali woyera. Unamenya kamodzi, n'kuphiriphitha kawiri, basi n'kugona. Ndendende mmene ndinaphunzitsira, ngati pali amene akufuna kundipatsa ulemu wanga.

Tsono inu amene mukuti ndinaopa mizimu, tamverani. Nyama ikafa, maselo ake, tizigawo ting'onoting'ono timene timapanga thupi, safera limodzi nthawi yomweyo. Mnofu umakhala udakali ndi mafuta ake, amene asayansi amawatchula kuti ATP, ndipo mitsempha yotumiza mauthenga imakhala ikadali tcheru. Mchere ukaikhudza, imatumiza uthenga wabodza, mchere wa m'thupi wotchedwa kashiamu umamasulidwa mkati mwa maselo, timaulusi ta mnofu timakokana, ndipo mnofuwo sufunsa ngati bwana ali pampando. Umangogwira ntchito. Ndi zomwezi zimene zimathamangitsa nkhuku yodulidwa mutu, chifukwa zambiri za kayendedwe zimayendetsedwa mumsana. Luigi Galvani wa ku Bologna anaona miyendo ya achule akufa ikugwedezeka ataikhudza ndi zitsulo, analemba buku mu 1791, ndipo mpaka lero dzina lake likutchulidwa m'masukulu. Ine ndaona zomwezo, pafupi kwambiri kuposa iyeyo, koma chimene ndalandira ndi dzina lakuti Abeseni.

Ndipo kudumpha kuja sikunali mantha. Thupi la munthu nalonso lili ndi njira zachidule zimene sizidikira kuti uganize. Minofu yanga inachita zimene inalengedwera, kungoti ya kuntchafu yakumanzere inachita mopitirira ndipo inakokeka, moti pano ndikuyenda chotsimphina. Anthu akandifunsa ndikumati ndinavulala pochita kafukufuku.

Mlamu wanga akuti ulendo wina adzandibweretsera ng'ona, poti ndinamuuzapo kuti minofu yake yotsekera kukamwa ndi yamphamvu zedi koma yotsegulira ndi yofooka, moti munthu akhoza kuimanga pakamwa ndi kachingwe. Zimenezo n'zoona. Koma ndamuuza kuti ng'ona ilinso ndi mchira.

Magalasi aja tinawapeza madzulo kuseri kwa ndowa. Ndawatsuka kanayi, akununkhabe.