Vitz ya lero kapena Aqua ya mawa

Mu Ogasiti 2023 ndalama za galimoto zinakwana. Ndinali nditazisonkhanitsa kwa zaka zitatu, zina za chipereganyu cha kuntchito, zina za soya amene tinagulitsa kumudzi. Zinali zokwanira Toyota Vitz yakale yochokera ku Japan, pamodzi ndi msonkho wake. Koma mtima wanga unali pa Aqua, galimoto ya hybrid ija imene injini yake imathandizana ndi batire, ndipo aliyense amene ali nayo amakuuza kuti mafuta imangonunkhiza. Mayi a kunyumba anati, "Bambo a Tadala, gulani imene ndalama zakwanayo. Ana atopa ndi kabaza." Ine ndinati tidikire miyezi itatu, tiwonjezere.

Choyamba ndinatenga kope la mwana n'kuyamba kuwerengera. Kuchoka ku Area 25 kukasiya ana kusukulu, kupita kuntchito ku City Centre, kubwerera, ndi makilomita pafupifupi 40 patsiku. Pamwezi ndi 1,000 ukaphatikiza kutchalitchi ndi kumsika. Manambala a mafuta amene amalembedwa pa intaneti sindinawakhulupirire, chifukwa amayesedwa pamisewu ya ku Japan, osati pa M1 nthawi ya 7 koloko m'mawa. Ndinapempha anzanga awiri, wa Vitz ndi wa Aqua, kuti adzaze thanki, alembe makilomita, kenako adzazenso patatha sabata. Vitz inapereka makilomita 14 pa lita, Aqua 22. Kwa ine zimenezo zinatanthauza malita 71 ndi malita 45 pamwezi. Kusiyana kwake malita 26, ndipo petulo nthawi imeneyo anali pa K1,746. Ndiye kuti Aqua ikanandipulumutsira K45,000 pamwezi.

K45,000 si yochepa. Koma Aqua yooneka bwino inkaposa Vitz ndi madola 1,200, amene pa mtengo wa kubanki anali pafupifupi K1.4 miliyoni, msonkho wa MRA usanakwerepo, poti msonkhowo umatsatira kukula kwa injini ndi zaka za galimoto. Nditagawa ndinapeza kuti padzapita zaka pafupifupi zitatu ndalama yowonjezerayo isanabwerere. Ndinatseka kope ndili wokhumudwa, ngati kuti masamuwo andilakwira.

Kenako ndinapita kugalaja kwa makaniko wanga. Ndinamupeza atagona pansi pa Sienta, miyendo yokha ikuoneka. Nditamufotokozera anatuluka, n'kupukuta manja pa ovolosi, nati, "Bwana, Aqua ndi galimoto yabwino, mabuleki ake sakutha msanga. Koma funsani zaka za batire." Anandionetsa Aqua ina imene inali pakona, mpando wakumbuyo utachotsedwa. Batire lalikulu limakhala pansi pa mpandowo, ndipo lili ndi kafani koliziziritsa. Kafaniko kanali katadzaza fumbi lofiira la Lilongwe mpaka kuoneka ngati kachisa ka mbalame. Anati batire likamatentha limafooka msanga, ndipo Aqua zoyambirira, zimene zinatuluka ku Japan kumapeto kwa 2011, zambiri zimafika kuno batire litatopa kale. Anawonjeza kuti galimotoyi ndi yotsika, ndiye pamsewu wakwathu nthawi ya mvula ndizikhula mimba yake pamiyala. Za galimoto yamagetsi okhaokha sitinakambe n'komwe. Tonse tinkakumbukira mdima wa 2022, namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira.

Apa nkhani inali itatha, ndipo munthu wanzeru akanapita kubanki tsiku lomwelo. Ine ndinapitiriza kutsegula masamba a ogulitsa magalimoto usiku uliwonse, mwina Aqua yotchipa itulukira. Seputembala anatha choncho. Okutobala ali mkati ndi pamene ndinagonja, ndinasankha Vitz ya madola 2,500 kufika padoko la Dar es Salaam, ogulitsa ananditumizira invoyisi, ndinaipititsa kubanki.

Kubanki anati madola kulibe, ndilembetse, andiimbira. Sabata inatha, ina inathanso. Invoyisi imakhala ndi masiku ake, ndipo yanga inatha mphamvu kawiri, galimoto yoyamba anagula wina, ndinasankhanso ina. Ndili pamzere umenewo, pa 9 Novembala Reserve Bank inagwetsa kwacha ndi 44 peresenti, dola kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Vitz imene inali K2.95 miliyoni inasanduka K4.25 miliyoni usiku umodzi. Kusiyana kwake K1.3 miliyoni, pafupifupi ndalama yomwe ija ndinkaidikirira kuti ndigulire Aqua. Msonkho nawo unakwera, chifukwa amawerengera pa dola la tsikulo. Mayi a kunyumba sanalankhule kanthu, anangondiikira nsima patebulo, ndipo kusalankhulako kunandipweteka kuposa mawu.

Patangopita masiku ochepa MERA, bungwe loona za mitengo ya mafuta, inakweza petulo kufika pa K2,530. Ndinatsegulanso kope lija. Tsopano Aqua ikanapulumutsa K65,000 pamwezi, koma madola 1,200 aja anali atasanduka K2 miliyoni. Zaka zodikira zinatsala zomwe zija. Apa m'pamene ndinaona chimene ndinaphonya poyamba: mafuta timagula ndi madola, galimoto timagulanso ndi madola, ndiye zimakwera limodzi. Chimene chimatsalira m'mbuyo ndi kwacha imene ili m'buku lako.

Ndinabwereka kwa mlamu wanga kuti zikwane. Madola atapezeka ndinalipira, ndipo sitima inafika ku Dar es Salaam patatha milungu isanu ndi iwiri. Ndinalemba ejenti ndi dalaivala woti aiyendetse kudzera ku Mbeya mpaka pachipata cha Songwe. Pano ndikuchenjezeni: funsani ejenti akulembereni zolipira zonse galimoto isananyamuke, za padoko, za dalaivala, za mafuta a panjira, za iye mwini. Wanga anandiuza mtengo umodzi pafoni, pa Songwe panatulukira tina ndi tina. Ndinakwera basi kupita ku Karonga, msonkho tinalipira, ndipo ndinaiyendetsa ndekha kukwera Chiweta manja ali thukuta. Ku Lilongwe kunatsala kulembetsa ku Road Traffic, nambala, COF (chiphaso chosonyeza kuti galimoto ili bwino kuyenda pamsewu) ndi inshuwalansi.

Mwezi wotsatira mafuta anasowanso. Ndinagona pamzere wa pafiling'i siteshoni, mpando nditaugoneka, udzudzu ukulira m'khutu. Kutsogolo kwanga kunali Aqua yoyera. M'bandakucha mwini wake anatuluka kudzawongola msana, ndinamufunsa kuti, "Achimwene, inunso muli pano?" Anaseka nati, "Ine ndimabwera kawiri pamwezi, inu katatu." Thankala inafika cha m'ma 10 koloko, ndipo tonse anatithira malita 20.