Sabata imodzi pa leaderboard ya poker ya pa intaneti

Ndimakhala ku Leicester, ku Britain, ndipo poker, masewera a makhadi obetcherana ndalama, ndimasewera madzulo ndikaweruka kuntchito, pa webusaiti yomwe ili ndi chilolezo cha bungwe la Gambling Commission, lomwe limayang'anira za njuga m'dziko muno. Kwa miyezi ingapo ndinkangoona mawu akuti leaderboard pakona ya sikirini osawalabadira, mpaka tsiku lina pomwe ndinaganiza zolowa nawo kuti ndimvetse mmene mndandanda wa opambana wa sabata ndi sabatawu umayendera.

Choyamba chimene ndinazindikira n'chakuti kungosewera sikumulowetsa munthu mumpikisanowu. Pamafunika kudina batani lovomereza kulowa, ndipo magemu onse amene ndinasewera Lolemba ndisanadine bataniro sanawerengedwe. Nditatero ndinakhala pansi n'kuwerenga malamulo onse, ndipo ndikulangiza aliyense kuti ayambire pamenepo.

Mapointsi amapezeka m'njira ziwiri. Pamatebulo osewerera ndalama mwachindunji, amatsatira rake, kutanthauza kagawo kamene kampani imadula pa ndalama zoikidwa pakati pa tebulo, kawirikawiri pafupifupi 5 peresenti mpaka pamalire ena. M'mipikisano yolipira polowa, mapointsi amadalira zinthu zitatu: ndalama yolowera, chiwerengero cha anthu amene alowa, ndiponso nambala imene wathera. Kuthera pa nambala 3 pakati pa anthu mazana angapo kumapatsa mapointsi ambiri kuposa kupambana mpikisano wa anthu ochepa. Mindandanda imagawidwanso potengera kukula kwa ndalama zobetcha, kuti wosewera wa mapaundi ochepa asalimbane ndi anthu oika ndalama zambiri, choncho ine ndinasankha gulu lotsika, la mipikisano ya £5.50, momwe £5 imapita kumphoto ndipo 50p (theka la paundi) imatsala ndi kampani.

Pofika Lachisanu ndinali pamalo abwino ndithu. Koma usiku wa Lamlungu, sabata ikamatha, anthu amasewera matebulo anayi kapena asanu nthawi imodzi, ndipo dzina langa linkatsika ola lililonse ine ndikuona. Apa mpamene mtima unayamba kundikoka kuti ndionjezere ndalama ndi kutsegula matebulo ena, ngakhale kuti ndinali nditatopa ndipo m'mawa mwake ndinali ndi ntchito. Chimene chinandigwira dzanja ndi malire a ndalama zoika mu akaunti amene ndinadziikira kale, komanso lamulo la kuno ku Britain lomwe kuyambira mu April 2020 limaletsa kutchova njuga ndi khadi la ngongole. Nthawi yotsekera nayonso njofunika kuifufuza, chifukwa imatsatira wotchi ya kampani, yomwe sikuti nthawi zonse imafanana ndi ya kumene munthu uli.

Mphoto inafika Lolemba masana, koma sinali ndalama yoti ndingatape. Inali tikiti ya £11 yolowera mpikisano wina, yokhala ndi tsiku lothera ntchito. Nditatenga cholembera ndinapeza kuti m'mipikisano 30 imene ndinalowa, kampani inali itatengapo £15, osawerengera zimene ndinaluza pamakhadi. Zinandipweteka kuona kuti mipikisano khumi yomalizayo ndinailowa pothamangira mapointsi basi, osati chifukwa ndinkafuna kusewera.

Sabata yotsatira ndinadinanso batani lija Lolemba m'mawa, popeza kulowa n'kwaulere, koma ndinabwerera ku mipikisano yanga iwiri patsiku, ndipo tikiti ija ndinaigwiritsa ntchito Loweruka isanathe mphamvu.