Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 17: Zaka za Mizere ndi Khonde la Amalume

M'gawo lapitalo ndinakusiyani nditangotsanzika ntchito ya ukalaliki ku Kanengo, kandalama kali m'thumba, mtima uli pa geni ya chimanga. Geniyo inayenda ndithu. Ndinkapita ku Mitundu, ku Nsundwe, nthawi zina mpaka ku Kasiya, kupachika sikelo pamtengo, kugula kwa alimi, kenaka kuchita hayala lole n'kudzapikulitsa kwa azimayi ogulitsa ndi ndowa ku Mchesi ndi ku Area 25. Sindinalemere nayo, koma lendi inkalipidwa mwezi usanathe.

Mu Ogasiti 2008 boma linalengeza kuti ogula ndi kugulitsa chimanga akhale a ADMARC okha, kugula pa K45 kilogalamu n'kumagulitsa pa K52. Linati mavenda tikubera alimi komanso kukweza mitengo dala. Patapita masabata angapo anafewetsa kuti ife ang'onoang'ono tikhoza kupitiriza, bola tisadumphe mitengo imeneyo. Chimanga sichinatsike mtengo. Chinangobisala. Amene anali ndi matumba anawalowetsa kuchipinda n'kumagulitsa dzuwa litalowa, pa mtengo woposa wakale, popeza tsopano ankawerengera ndi mantha omwe. Ine lole yanga inaimitsidwa pa rodibuloko ina, bambo wa yunifolomu n'kumafunsa mapepala amene iye mwini sankadziwa dzina lake. Tinamvana mmene anthu amamvanirana pamsewu, phindu la ulendo wonsewo n'kutsala pomwepo.

Lamlungu lotsatira ndinakadandaula kwa amalume ku Area 18. Amalumewa ndi mlongo wawo wa amayi anga, anagwira ntchito yowerengera ndalama pa kampani ina ya fodya mpaka kupuma, ndipo m'banja mwathu ankadziwika kuti ndi munthu wosavina nawo gule wa chipani chilichonse. Anamvetsera nkhani yanga yonse akusenda mtedza, kenaka n'kufunsa: "Mphwanga, wapolisi ujayu dzana anali ndi mphamvu yoimitsa chimanga?" Ndinati ayi. "Nanga wamupatsa ndani? Ukamva boma likuti likukuteteza, uziyamba wafunsa kuti mphamvu yatsopanoyo yapita m'manja mwa yani, ndipo adzaibweza liti."

Iwo anakulira ku Dowa nthawi ya Kamuzu, pamene mlimi wamba sankaloledwa kulima fodya wa bale, wosungidwira eni maesiteti, ndipo mbewu zake ankagulitsa pa mtengo umene boma lanena. Anaona munthu akubwezedwa pakhomo la msika chifukwa alibe khadi la chipani, anaona katundu wa anthu akulandidwa ndi lamulo la Forfeiture Act, anaona anzawo akutsekeredwa popanda mlandu. Pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993 anavotera nyali, chizindikiro cha ofuna zipani zambiri. Koma ankanena kuti Amalawi tsiku limenelo tinachotsa munthu, mpando wake n'kuusiya waukulu momwemo.

Pa chisankho cha pa 19 Meyi 2009, Bingu wa Mutharika anapambana ndi mavoti pafupifupi 66 pa 100 alionse, DPP n'kutenga mipando yoposa 110 mwa 193 ya ku Nyumba ya Malamulo. Mzinda wonse unali chikondwerero, Chitsulo cha Njanji pakamwa pa aliyense. Ndipo panali chifukwa: misewu inkamangidwa, chimanga chinali m'nkhokwe. Amalume okha ndiwo anakwinya nkhope. Anati zaka zisanu zoyambazo munthuyu anayenda bwino chifukwa anali ndi omukoka malaya. Atatuluka mu UDF mu 2005 analibe aphungu okwanira, bajeti iliyonse ankachita kuipempha, nkhani ya Gawo 65 la malamulo aakulu a dziko, lochotsa aphungu osintha chipani, ili pakhosi. "Tsopano akoke malaya ndani?"

Mu Seputembala chaka chomwecho akuluakulu anayi a makampani ogula fodya anathamangitsidwa m'dziko muno chifukwa chogula pansi pa mitengo imene boma linaika. Kumalo omwera ku Bwandilo anthu anaomba m'manja. Amalume, amene ankawadziwa bwino ogula fodya, sanawaikire kumbuyo: ankati ndi ochepa, amadziwana, ndipo mlimi ku okushoni alibe kothawira. Chimene chinawasowetsa tulo n'chakuti munthu mmodzi walankhula, anthu n'kukwezedwa ndege, khoti osafunsidwa. Anati ndodo imene mwasemera mfumu yabwino siikidwa nayo m'manda, imatsalira wolowa ufumu, kaya ndi wotani.

Apa n'kuti ine nditasiya chimanga n'kutsegula kashopu ka zipangizo za galimoto cha ku Malangalanga. Katundu ndinkakatenga ku Dar es Salaam, ndiye moyo wanga wonse unadalira dola. Boma linagwira Kwacha pa K150 kapena kupitirirako pang'ono pa dola imodzi, n'kukana kuitsitsa ngakhale a IMF ankakakamiza. Pulezidenti ankati kugwetsa Kwacha n'kupha amphawi, ndipo pamenepo sankanama kwenikweni. Vuto linali lakuti pa mtengo umenewo aliyense ankafuna kugula dola, wofuna kugulitsa panalibe. Fodya wa 2011 anagulidwa moipa, mabelo ambiri akubwezedwa, thandizo la maiko akunja likuphwa.

Ndinkalowa mu banki ina ndi pasipoti, tikiti ya basi ndi mafomu odzaza bwinobwino, yankho n'kukhala lomwelija: "Foreksi kulibe, mudzayesenso." Ukangotuluka, mnyamata wa kachikwama m'khwapa n'kukutsinzinira diso. Kwa iyeyo madola analipo, atsopano, onunkhira banki, koma pa mtengo wina. Mu Ogasiti 2011 boma linatsitsako Kwacha ndi 10 peresenti, koma pofika kumayambiriro kwa 2012 dola ya kumseri inkayandikira K300 pamene ya pa bolodi inali pa K167. Aliyense wodziwana ndi wosayina mafomu ankalemera osatuluka thukuta. Ndinaona anthu akumanga nyumba ku Area 49 ndi geni imeneyi yokha.

Za mafuta ambiri a inu mukukumbukira. Mzere unkayambira pa filing'i n'kukhota misewu iwiri, anthu kugona m'galimoto podikira thanki imene mwina ibwera, mwina ayi. Pamzerepo panabadwa mudzi: ogulitsa mandasi, ochaja mafoni, osewera bawo, anyamata osungira anthu malo. Pa Facebook anthu ankadziwitsana komwe kwaoneka thanki. Zigubu zinaletsedwa, koma petulo wa m'zigubu ndiye ankapezeka nthawi zonse kuseri kwa mashopu, wosakaniza ndi palafini, ndipo mainjini ankafa. Mungaganize kuti wogulitsa zipangizo anapindula. Makasitomala analipo, mashelefu anali mbee.

Anthu akakhala pamzere amalankhula. Apa ndi pamene amalume ankati ndiyang'anitsitse, chifukwa boma likalephera kudzaza thanki limatembenukira pakamwa pa wodandaula. Mu Januwale 2011 pulezidenti anasayina kusintha kwa Gawo 46 la Penal Code, kupatsa nduna mphamvu yoletsa nyuzipepala imene ikuona kuti siikomera anthu. Lamulo latsopano la apolisi linali litawalola kale kuchita chipikisheni popanda chikalata cha khoti. Mu Febuluwale mkulu wa apolisi anaitanitsa Dr Blessings Chinsinga wa ku Chancellor College chifukwa chonena m'kalasi kuti kusowa kwa mafuta ndi ndalama zakunja kungadzetse zionetsero zonga zimene zinachitika ku Tunisia ndi ku Egypt, ndipo koleji inakhala miyezi yambiri osaphunzira. Mu Epulo kazembe wa Britain, Fergus Cochrane-Dyet, anapitikitsidwa kalata yake yachinsinsi itaululika. Pakati pa chaka kunabwera lamulo lovutitsa kutenga chiletso cha khoti pa boma, ndi bajeti ya "zero deficit" imene inafikitsa VAT ya 16.5 peresenti pa buledi, mkaka ndi nyuzipepala. Makhansala ndiye kunalibe chichokereni 2005. Mbendera yomwe anali ataisintha mu 2010, ati dzuwa latuluka lonse.

Nthawi imeneyo mwana wawo anawagulira laputopu ndi kachipangizo kolumikizira intaneti, ndipo amalume anapeza anzawo kutsidya kwa nyanja. Anali anthu a ku America otchedwa ma libertarian, amene amati ntchito ya boma ikhale yochepa: kuteteza moyo, katundu ndi mapangano a anthu, zina zonse lisiyire eni ake. Madzulo ena mu Meyi 2011 anandiitana kuti ndidzaone. Anandifotokozera kuti zigawenga zitaukira America pa 11 Seputembala 2001, George W. Bush anasayina lamulo la Patriot Act mu Okutobala chaka chomwecho, lokulitsa mphamvu za boma zotchera khutu ndi kufufuza za anthu. Ku Senate, imodzi mwa nyumba ziwiri za malamulo za ku America, anakana munthu mmodzi yekha mwa onse amene anavota. Ku nyumba inayo, mmodzi mwa okana anali Ron Paul, wa chipani cha Bush yemweyo. Tsopano patapita zaka pafupifupi khumi, Barack Obama, amene anthu ake ankadzudzula Bush usana ndi usiku, anali atangosayina kuti zigawo zina za lamulolo zipitirire zaka zina zinayi, ndipo amene anavutitsa kwambiri ku Senate anali Rand Paul, mwana wa Ron uja.

Ine ndinati, "Amalume, za Azungu zikutikhudza bwanji ife tili pamzere wa dizilo?"

"Taona amene akhala chete," anatero. "Anali kukuwa pamene ndodo inali ndi mnzawo. Lero ili ndi wawo." Ndipo anandikumbutsa za Julaye 2002, pamene bilu yochotsa malire a materemu a pulezidenti inagwa ndi mavoti atatu okha, nthawi ya Bakili Muluzi. Ena mwa amene anaivotera ndi omwe mu 2011 ankalira kwambiri za ulamuliro wa malamulo. Chimene ankawakondera anthu a ku America aja si nzeru zapadera ayi, koma kuti mawu amene ananena kwa Bush ndi omwewo ananena kwa Obama.

Sikuti zonse ndinkavomera. Pa nkhani ya makuponi a fetereza tinkakangana mpaka azakhali kutibalalitsa ndi nsima. Iwo ankati kuponi ndi chingwe: mfumu yolemba maina yasanduka bwana, wosavala nsalu ya chipani akhoza kudumphidwa, ndipo ndalama zonse za ulimi zikuthera thumba la chaka chimodzi. Ine ndinali nditaona amayi anga kumudzi pa njala ya 2005, ndi nkhokwe yawo chaka chotsatira, sabuside itayamba. Munthu wa penshoni wokhala m'nyumba ya malata n'kosavuta kunena kuti msika udzakonza. Mpaka lero ndimaona kuti pamenepo amalume ankawerenga kwambiri mabuku kuposa nkhope za alongo awo. Koma za chingwe zija sankanama, ndinaziona ndi maso anga.

Pa 20 Julaye 2011, tsiku la zionetsero zotsutsa boma, sindinatsegule shopu. Anthu anavala zofiira. M'mawa kunamveka kuti usiku munthu wina wakatenga chiletso ku khoti choimitsa zionetsero, ndipo amalume anandiimbira foni akuseka kowawa: boma lomwe latsekera anthu njira ya chiletso, lero lapulumukira pa chiletso. Pulezidenti anali ku State House akupereka phunziro kwa mtundu wonse, kunja matayala akuyaka. Mawailesi analamulidwa kusiya kuulutsa zochitikazo pompopompo, ndiye tinkadalira mafoni ndi mphekesera. Utsi wokhetsa misozi unafika mpaka m'makomo ku Kawale ndi ku Mchesi, mashopu anathyoledwa, ndipo pa masiku awiriwo anthu 20 anafa m'dziko muno, ambiri ku Mzuzu. Shopu yanga inapulumuka chifukwa cha chitseko chachitsulo, komanso mwina chifukwa akubawo ankadziwa kuti mulibe kanthu.

Amalume sanayende nawo, miyendo inali itayamba kale kuvuta. Zambiri za m'chikalata cha madandaulo chimene amabungwe okonza zionetserozo analembera boma ankagwirizana nazo, makamaka kuchotsa malamulo oipa ndi kugulitsa ndege ya pulezidenti ija inagulidwa mu 2009. Chimene ankadandaula n'chakuti pamzere aliyense ankati boma lipeze mafuta, boma lipeze madola, boma likhwimitse pa mavenda. Palibe ankati boma lichotse dzanja. Ngakhale okwiya kwambiri ankangofuna bambo wina wabwinoko.

Bingu anamwalira pa 5 Epulo 2012, Joyce Banda n'kulumbira pa 7. Pa 7 Meyi Kwacha inagwetsedwa kufika pa K250 n'kusiyidwa kuti iziyenda yokha. Posakhalitsa mizere inatha, Gawo 46 lija linachotsedwa, mbendera yakale inabwerera. Mitengo ya zinthu inakwera koopsa ndipo akazi anga ankabwera ku msika akung'ung'udza. Koma kwa ine dola siinakwere, chifukwa mtengo umenewo ndinali nditaulipira kale miyezi yambiri kwa mnyamata wa kachikwama. Amene anagwa ndi aja ankaipeza pa K167. Mphamvu yoika mitengo ya mbewu ndi yoletsa chimanga kutuluka kunja palibe anaikhudza, ndipo maboma onse obwera pambuyo aigwiritsa ntchito.

Mashelefu anga anayamba kudzaza, ndipo chakumapeto kwa chaka ndinalemba mnyamata wondithandiza. Mu 2013 kunabwera mtundu wina wa makasitomala. Woyamba anali mnyamata wogwira ntchito wamba m'boma, wa msinkhu wa mng'ono wanga, amene anafika ndi galimoto yoti ine sindinayambe ndaigwirapo, n'kuitanitsa zipangizo za magalimoto atatu osafunsa mtengo. Polipira anatsegula buti. Za iyeyo, ndi za mfuti imene inalira ku Area 43 mu Seputembala chaka chimenecho, tidzakamba m'gawo lotsatira.