Masilaidi 31 ndi mayi amene anaimba foni kanayi

Miyezi inayi yapitayo ndinaima kutsogolo kwa mabwana asanu ndi awiri ndili ndi masilaidi 31, masamba oonetsa pakhoma kuchokera pa kompyuta. Ndinkafuna kuwafotokozera chifukwa chake makasitomala ambiri amatisiya chaka chisanathe, kenako ndipemphe kuti tisinthe momwe timalandirira madandaulo. Ndinakonzekera milungu iwiri yathunthu. Matchati anali okongola, ndipo manambala ndinawawerengera mobwerezabwereza. Koma ndisanafike pa silaidi ya nambala 10, bwana wamkulu anali atazyolika pa foni yawo, wina akujambula timabokosi m'mphepete mwa pepala. Nditamaliza anati, "Zikomo kwambiri, mwagwira ntchito. Mungotitumizira pa imelo." Amene anagwirapo ntchito muofesi akudziwa tanthauzo la mawu amenewa. Nkhaniyo inafera pompo.

Manyazi a tsiku limenelo ndi amene anandiyambitsa maphunziro awa. Ndakhala ndikuwerenga madzulo, kuonera malankhulidwe a anthu osiyanasiyana pa intaneti, komanso kudzijambula pa foni ndikuyeserera. Ndikulemba izi kuti ndisaiwale zimene zandithandiza ndi zimene zandigwetsa.

Ndiyambe ndi kugwa kwachiwiri, chifukwa n'kumene kunanditsegula maso. Nditamva kuti olankhula bwino amasimba nkhani, ndinaganiza kuti ndi kankhani koseketsa koyambira, kongofewetsa nkhope za anthu. Pa msonkhano wotsatira ndinayamba ndi nthabwala ya momwe ndinasocherera tsiku langa loyamba pa ntchito. Anthu anaseka ndithu. Kenako ndinatsegula masilaidi aja, ndipo maso onse anabwerera pa mafoni. Kankhaniko kanali ngati duwa lomata pa chitseko cha nyumba yopanda mipando. Sikanakhudzane ndi chimene ndinkapempha.

Chimene chinandithandiza kumvetsa vuto langa ndi kafukufuku amene Elizabeth Newton anachita ku yunivesite ya Stanford, ku America, mu 1990. Anagawa anthu pawiri. Ena ankagogoda patebulo potsata nyimbo yodziwika bwino, ena ankamvetsera kuti atchule dzina la nyimboyo. Ogogodawo ankayembekezera kuti omvetsera azindikira theka la nyimbozo. Mwa nyimbo 120, zimene zinazindikirika zinali 3 zokha. Chifukwa chake n'chosavuta: wogogoda akumva nyimbo yonse m'mutu mwake, mawu ndi kayimbidwe, pamene womvetsera akungomva go, go, gogogo. Nditawerenga zimenezi ndinaseka ndekha mowawidwa mtima. Masilaidi anga 31 anali kugogoda patebulo. Ine ndinali nditawerenga madandaulo a makasitomala kwa milungu iwiri, mawu awo ndinkawamva m'mutu. Mabwana aja ankangoona mizere yokwera ndi yotsika.

Ndiye ndinazindikira kuti nkhani si chokometsera. Ndi njira yoyendetsera womvera m'njira yomwe iwe unadutsa mpaka kufika pa maganizo amene uli nawowo. Pamafunika munthu, chimene munthuyo akufuna, chimene chikumutchinga, ndi chimene chinachitika atalimbana nacho. Zikasowa zimenezi, chatsala ndi lipoti, ndipo lipoti munthu amatha kuliwerenga yekha.

Anthu amapanga nkhani ngakhale pamene palibe. Mu 1944, Fritz Heider ndi Marianne Simmel anaonetsa anthu kafilimu kakafupi ka timakona atatu tiwiri ndi kabwalo kamodzi tikuyendayenda mozungulira bokosi. Pafupifupi onse, atafunsidwa zimene anaona, anafotokoza za ndewu, za wina wovutitsa anzake, za awiri othawa. Timizere chabe, koma iwo anaonamo anthu ndi zolinga. Phunziro kwa ine linali lakuti ndikaika tchati pakhoma osanena kuti chikuchitika n'chiyani ndiponso kwa ndani, aliyense m'chipindamo amadzipangira nkhani yakeyake. Wa zachuma amaona kuti mitengo yathu yakwera, wa zotsatsa amaona kuti opikisana nafe atilanda msika. Tonse tikuyang'ana mzere umodzi koma tatuluka ndi mitu isanu.

Ndaonera kangapo momwe Steve Jobs, amene anali mkulu wa kampani ya Apple, anaonetsera iPhone koyamba pa 9 Januwale 2007 ku San Francisco. Ambiri amatamanda chovala chake ndi kudekha kwake, koma ine chimene chinandigwira ndi kayalidwe ka mawu. Anati abweretsa zinthu zitatu zatsopano: iPod (kachipangizo komvetsera nyimbo) yogwiritsa ntchito pokhudza galasi, foni, ndi chipangizo cholumikizira pa intaneti. Anazibwereza zitatuzo, n'kuzibwerezanso, mpaka anthu anayamba kuzindikira okha kuti si zinthu zitatu ayi koma chimodzi. Anawalola omvera kufika pa yankho iye asanalitchule. Asanaonetse foniyo bwinobwino, anaonetsa kaye mafoni amene analipo nthawi imeneyo ndi timabatani tawo tambirimbiri todya pafupifupi theka la foni. Vuto linayamba, yankho linabwera pambuyo. Ine ndinkachita zosemphana: ndinkayamba ndi yankho pa silaidi yoyamba, anthu asanamve ululu wa vutolo. Mu 2001 munthu yemweyu, poonetsa iPod, sanatsamire pa kukula kwa malo osungira zinthu, omwe anali 5 GB. Ananena za nyimbo 1,000 m'thumba mwako. Nambala ilipobe, koma yaikidwa m'thumba la munthu.

Panali nthawi imene ndinayamba kuganiza kuti manambala ndiwo adani, kuti ndiwachotseretu. Hans Rosling anandibweza. Anali dokotala wa ku Sweden komanso mphunzitsi wa zaumoyo, ndipo anamwalira mu 2017. Mu 2006 analankhula pa msonkhano wa TED, umene akatswiri amakambapo maganizo awo mwachidule, za chiwerengero cha ana pa mayi aliyense ndi zaka zimene anthu amakhala ndi moyo m'mayiko osiyanasiyana, nkhani imene ingagonetse aliyense. Koma iye anasandutsa dziko lililonse kukhala kampira koyenda pa tchati chaka ndi chaka, n'kumaulutsa ngati mpikisano wothamanga, mawu akukwera, dzanja likuloza dziko limene likupitirira linzake. Manambala onse analipo, sanachotsepo. Anangowapatsa poyambira, poyenda ndi pofikira.

Ndi zimenezi m'mutu ndinapempha mwayi wina. Nthawi ino sindinayambe ndi kutsegula kompyuta. Ndinabwerera ku kaundula wa madandaulo n'kumawerenga limodzilimodzi. Ndinapezamo mayi wina wa bizinesi yaing'ono amene katundu wake anabwera wosakwanira. Anaimba foni kanayi m'masiku 11. Ulendo uliwonse ankayankhidwa ndi munthu wina, ndipo ulendo uliwonse ankayambiranso kufotokoza kuyambira pachiyambi: nambala ya oda, tsiku, zimene zinasowa. M'kaundulamo, pa foni yachinayi, mnzathu amene anamuyankha analemba mawu ochepa chabe, akuti kasitomala wanena kuti basi zisiyeni. Kuchokera tsiku limenelo dzina la mayiyo silinaonekenso pa maoda athu.

Tsiku la msonkhano ndinasiya khoma lopanda kanthu. Dzina la mayiyo sindinalitchule. Ndinati, "Mabwana, ndikufuna ndikuuzeni za mafoni anayi." Ndinafotokoza yoyamba, yachiwiri. Pofika pa yachitatu ndinaona bwana wamkulu akuika foni yawo patebulo chafufumimba. Nditawerenga mawu aja a m'kaundula ndinakhala chete. Mtima unkagunda, m'manja muli thukuta, ndipo pakamwa pankayabwa kuti ndidzaze mpatawo ndi mawu. Ndinawerenga chamumtima mpaka zitatu. Amene anaswa chete ndi bwana wa zachuma: "Kodi anthu ngati mayi ameneyu alipo angati?" Apo m'pamene ndinatsegula silaidi yoyamba. Inali tchati yomwe ija imene inali nambala 9 pa msonkhano woyamba, imene palibe anaiyang'ana. Nthawi ino anaifunsa okha. Masilaidi onse anali asanu, ndipo zokambirana zinapitirira nthawi imene anandipatsa. Sanavomereze zonse zimene ndinapempha, koma anagwirizana zoti dandaulo lililonse likhale ndi munthu mmodzi woliyang'anira mpaka lithe.

Pano pali chinthu chimene chikundisowetsa mtendere, ndipo ndikuona kuti maphunziro ambiri a kalankhulidwe amachidumpha. Nkhani ya munthu mmodzi ili ndi mphamvu yoposa muyeso wake. Mu 2007, Deborah Small, George Loewenstein ndi Paul Slovic anasindikiza kafukufuku wa momwe anthu amaperekera thandizo. Ena anawawerengetsa ziwerengero za anthu mamiliyoni ovutika ndi njala, ena anawauza za kamtsikana kamodzi ka zaka 7 ka ku Mali. Amene anamva za kamtsikanako anapereka ndalama zochuluka pafupifupi kawiri. Chodabwitsa n'chakuti ataphatikiza nkhani ya mwanayo ndi ziwerengero zija, zopereka zinatsika. Wina angawerenge zimenezi n'kunena kuti ndiye tizingosimba nkhani basi. Ine zinandiopsa. Zikutanthauza kuti ndikanatha kusankha kasitomala mmodzi wachilendo, amene vuto lake silichitika kawirikawiri, n'kupotoza naye chiganizo cha kampani yonse. Elizabeth Holmes wa kampani ya Theranos anali katswiri wa nkhani. Ankasimba za mantha ake a jakisoni ndi za tsogolo limene kadontho ka magazi a pachala kadzakwanira kuyeza matenda ambirimbiri. Anthu olemera ndi ophunzira anaikamo ndalama zankhaninkhani, koma makinawo sankachita zimene ankanena. Mu 2022 khoti linamupeza wolakwa pa mlandu wonamiza oika ndalama ndipo linamulamula kukhala kundende zaka zoposa 11.

Choncho ndadziikira lamulo. Ndisanagwiritse ntchito nkhani ya munthu mmodzi, ndizionetsetsa kaye kuti ikuimira zimene zimachitikira ambiri. Ikakhala yapadera, ndinene poyera kuti ndi yapadera. Mayi uja ndinamusankha nditawerenga kaundula yense n'kuona kuti kubwereza kufotokoza kwa anthu osiyanasiyana ndilo dandaulo limene linkabwera mobwerezabwereza. Aristotle, woganiza mozama wa ku Greece, zaka zoposa 2,300 zapitazo, anagawa kukopa anthu m'magawo atatu: khalidwe la wolankhula, kukhudza mtima wa omvera, ndi umboni wa mfundozo. Nkhani imagwira kwambiri gawo lachiwiri. Ukainamiza, gawo loyamba limagwa, ndipo muofesi umakumana ndi anthu omwewo mawa ndi mkuja.

Chinanso chimene ndatengera kwina ndi kulemba ndisanapange masilaidi. Ku kampani ya Amazon, Jeff Bezos, amene anaiyambitsa, analetsa PowerPoint, pulogalamu yopangira masilaidi, pa misonkhano ya akuluakulu mu 2004. M'malo mwake wobweretsa ganizo amalemba chikalata cha masamba osaposa 6, m'ziganizo zathunthu, ndipo onse amachiwerenga mwakachetechete msonkhano ukamayamba. Sindinganene kuti kulikonse azichita choncho, koma ndinayesa pandekha ndipo ndinaona chifukwa chake. Timadontho ta pa silaidi timabisa ulesi wa kuganiza. Ungalembe "madandaulo achuluka" pamwamba, "makasitomala akuchoka" pansi, osanena ngati chimodzi chikuyambitsa chinzake. Polemba ziganizo zathunthu umakakamizika kuika mawu monga "chifukwa", "koma" ndi "motero", ndipo pamene mawuwo akukana kulowa ndi pamene pali dzenje m'maganizo ako. Kawiri konse ndapeza kuti mfundo imene ndinkainyadira inalibe mwendo woimirapo.

Za thupi ndi mawu ndinene mwachidule, chifukwa mankhwala ake ndi amodzi: kudzijambula n'kudzionera. Zimawawa. Ulendo woyamba ndinawerenga "eee" wopitirira makumi awiri m'mphindi zisanu, ndipo mawu akuti "kwenikweni" ndinkawaika pena paliponse ngati misomali. Bungwe lophunzitsa kulankhula pagulu la Toastmasters, limene Ralph Smedley anayambitsa mu 1924 ku Santa Ana, California, limaika munthu pa msonkhano uliwonse amene ntchito yake ndi kuwerenga timawu totere. Ine ndinapempha mnzanga wa desiki yoyandikana nane kuti azichita zimenezo pa kapepala. Chimene ndaona n'chakuti ndikamasimba za mayi uja, "eee" amachepa yekha, chifukwa ndikudziwa chimene chikutsatira. Amachuluka ndikafika pa mfundo zoloweza. Nkhani imathandiza womvera, koma imagwiranso dzanja wolankhula.

Sindinafike ayi. Ndimathamangabe ndikachita mantha, ndipo mathero anga amakhala ofooka: ndimangoti "ndi zomwezo" ngati ndikupepesa, m'malo monena momveka chimene ndikufuna kuti anthu achite. Komanso si msonkhano uliwonse wofuna nkhani. Bwana akafunsa kuti lipoti lituluka liti, akufuna tsiku, osati mbiri ya lipotilo. Ndinaphunzira zimenezi mochititsa manyazi pamene wina anandidula pakati n'kunena kuti, "Achimwene, tangotiuzani tsiku."

Mwezi wamawa ndili ndi ntchito yovutirapo. Ndikafotokoza za bajeti ya makompyuta akale amene akufunika kusinthidwa, nkhani youma imene poiona koyamba mulibe munthu. Dzulo ndinakhala theka la ola pafupi ndi mnzathu wolemba ma invoisi, ndikungoona momwe amagwirira ntchito. Akadina batani amadzuka, n'kupita kukatunga madzi akumwa, n'kubwerera tsamba lisanatseguke. Ndinamufunsa kuti amadzuka chonchi kangati pa tsiku. Anaseka n'kundiuza kuti sanawerengepo. Tagwirizana kuti kuyambira Lolemba aziika kamzere pa kapepala nthawi iliyonse akadzuka.